Manja Ozizira ndi Mbaula ya ku Chawama

Ana anga, mwandivutitsa mokwanira kuti ndilembe za ntchito yanga, ndiye nayi nkhani imene ndimaidumpha nthawi zonse tikamacheza pakhonde. Muli mawu amene mayi wa mpingo satchula pagulu, koma ine ndinali nesi ndisanakhale mkulu wa mpingo, ndipo chinthu ndimachitchula ndi dzina lake. Machende. Eya, ndatchula, tsekani pakamwa ntchentche zingalowe. Mwini nkhaniyi mukumudziwa nonse ndipo chilolezo wandipatsa, ngakhale anachita kutuma munthu.

Zaka zoyamba ku Chawama

Nditamaliza maphunziro a unesi ananditumiza ku kakiliniki kena mkati mwa komboni ya Chawama. Musavutike kukakafuna, kanagwa kale, pamalopo pali tavani tsopano. Kanali ka zipinda zitatu, denga lodontha, ndi benchi imene inkatsina azimayi m'matako. Bwana wanga anali Dokotala Mulenga, Mbemba wa ku migodi, munthu wamfupi woseka ndi mapewa. Ankabwera masiku ena ndi ophunzira udokotala a kuchipatala chachikulu cha m'tauni, kuti aone ana enieni a m'komboni, osati a m'mabuku okha. Ine ntchito yanga inali kugwira mwana ndi kutonthoza mayi, koma makutu ndinali nawo. Kenaka mkuwa unatsika mtengo ndipo dziko linayamba kuwonda. Mankhwala anasowa, sopo anasowa, magolovesi tinkachapa n'kuyanika pachingwe pamodzi ndi matewera. Chotenthetsera chipinda cha magetsi chitafa, Dokotala Mulenga anagula mbaula pamsika. Pasanapite nthawi nawonso anatopa, napeza ntchito ku Botswana. Tsiku lotsazika anandiuza kuti, "Ba Sisita Tembo, ine nayenda, bana banga bafunika kudya. Aba bophunzira nakusiyilani, vonse mwaviona. Chabe mbaula isazime." Ndinaganiza kuti abweretsa dokotala wina mwezi wotsatira. Ndinadikira mpaka imvi, wina sanabwere.

Mmene ndinkaphunzitsira

Imvani kaye ntchito yake kuti muthe kutsatira. Machende a mwana wamwamuna amayambira m'mimba, n'kutsikira m'kathumba kake mwanayo asanabadwe. Kwa ana ena satsika. Akakhalitsa m'mimba, mmene mumatentha, mbewu ya ubereki imawonongeka, ndipo mwanayo akakula akhoza kukhala wosabereka. Mankhwala ake ndi opaleshoni yaing'ono mwana akali wamng'ono. Koma pali msampha: ngakhale mwana wabwinobwino, akamva kuzizira kapena mantha, machende amathawira m'mwamba, iwe n'kupeza kathumba kopanda kanthu. N'chifukwa chake mbaula inali chida chachikulu kuposa chomvera mtima chija amakoleka m'khosi. Chipinda chifunde, mayi akhale pomwepo, mwana aseke kaye. Dzanja limodzi uyambe nalo pamwamba pa ntchafu n'kumasisita chotsika pang'onopang'ono, dzanja lina likudikira m'munsi. Chinthucho chikatsika n'kukhala, mwana ali bwino. Chikakana, umunjutitse mwana uyesenso, ufunsenso mayi ngati amawaona pomusambitsa madzi ofunda.

Ophunzirawo mitu inali yakuthwa, zimenezo sindingawanyoze, koma manyazi ake! Mnyamata wamtali ngati mlongoti, akauzidwa kuti yeza mwana, ankayang'ana kudenga ngati akuwerenga mabowo a malata. Ndinkawauza kuti kudenga kulibe chilichonse chimene chinathawira kumeneko. Aliyense asanakhudze mwana ndinkayamba ndamva dzanja lake patsaya langa, ndipo likazizira ndinkamubweza kumbaula kapena kumuuza apisire manja m'khwapa. Azimayi a pabenchi ankafa nazo kuseka poona madokotala a mawa ataima pamzere, manja m'khwapa, ngati ana a sukulu olangidwa.

Juni wa chaka cha ufa wachikasu

Chaka chimenecho chimanga choyera chinasowa ndipo tinkadya ufa wachikasu wochokera kunja, umene anthu ankaudya akuutukwana. Juni wake unali wozizira koopsa. Ndinalandira gulu latsopano la ophunzira, ndipo mtsogoleri wawo anali Chanda, mnyamata wa ku Kitwe, wakhama, waulemu, koma manja ake ozizira ngati chule. Tsiku lawo lachiwiri makala, amene kuno timati malasha, anatithera. M'mawa womwewo uthenga unabwera kuti ndipite ndekha m'tauni kukatenga bokosi la mankhwala, ndikachedwa alipereka kwina. Ndinawauza kuti ayeze ana pasikelo basi, zina tichita ndikabwera. Koma Chanda anali atawerenga mutu wonse wa machende dzulo lake, ndipo anaona kuti kungopachika ana pasikelo n'kutaya mwayi. Anayamba kuyeza anyamata onse. Ndipo poti anali ana olangizika, akamaliza mwana mmodzi ankasamba m'manja m'madzi a mu dilamu imene inagona panja, monga ndinawaphunzitsira za ukhondo.

Ndinabwerera masana ndi bokosi lokhala ndi mabandeji ndi mankhwala a njoka zam'mimba okha, ndipo phokoso ndinalimvera kumsika. Ndinaganiza kuti kwagwa maliro. Pakiliniki panali podzaza, azimayi akulira, ena akuvula ana makabudula pomwepo kuti adzionere okha, ndipo m'mphepo imeneyo sakanapeza kanthu ndithu. Pafupifupi mnyamata aliyense anali atauzidwa kuti apite kuchipatala chachikulu. Mayi wina wogulitsa vitumbuwa anali atapeza kale chifukwa: ndi ufa wachikasu uja, azungu aikamo mankhwala kuti tisaberekane. Mawu amenewo atangomveka, ndinaona azibambo awiri amene ankangodutsa ndi njinga akuzemba mmodzimmodzi kupita kuseri kwa chimbudzi. Anabwerako nkhope zili gwa, osanena zimene apeza. Chanda anali ataima pakhomo, milomo ili mbuu, akundiuza kuti mwina tatulukira mliri watsopano. Ndinamugwira dzanja n'kuliika patsaya langa, ndipo ndinamuuza kuti mliri wake ndi umenewu, ndipo uli ndi zala zisanu.

Ndinakuwa kuti amene ali ndi malasha pafupi atithandize. Mayi wina wochepa thupi, amake Masauso, amene amuna awo a Zulu ankagulitsa malasha pamsika, anasiya mwana wawo kwa mnzawo n'kuthamanga, nabwera ndi chitini chodzaza. Tinakoleza mbaula, tinatseka mawindo, ophunzira anawotha manja mpaka anatuluka thukuta. Ndinati amene anataya katundu wa anthu ndiye amubweze, choncho Chanda anayambanso kuyeza. Mwana woyamba, awiri. Wachiwiri, awiri. Mayi aliyense ankatuluka ndi nthungululu, ndipo kunja nkhani inasintha: ufa wachikasu unakhululukidwa, tsopano mbaula ya Sisita Tembo inali yochiritsa. Ndinayesa kufotokoza kuti moto sunachiritse aliyense, ana anali bwino kuyambira kale, koma ndani ankandimvera?

Amake Masauso anakhala omaliza chifukwa ankakupiza moto. Masauso anali ndi zaka ngati zitatu, kamwana konenepa kosaopa munthu. Chanda anayeza, anayezanso, kenaka anandiyang'ana. Ndinayeza ine. Tinamunjutitsa, tinamuseketsa, tinadikira. Kathumba kanali kakang'ono, kosalala, mbali zonse ziwiri kopanda kanthu. Nditafunsa mayi ake, anati sanawaonepo chibadwire, ankayesa kuti amabwera mwana akamakula monga mano. Pa ana onse aja, Chanda analondola pa mmodzi yekha, ndipo anali mwana wa mayi amene anatibweretsera moto. Zinandiwawa mumtima, sindinama.

Mankhwala a a Zulu

Ndinauza amake Masauso kuti mwana afunika opaleshoni, ndipo tikachedwa mwina sadzabereka. Anapita kukauza amuna awo, ndipo a Zulu anakana. Anali Mngoni wa ku Chipata, wamanja ngati mafosholo, ndipo nzeru zawo zinali zomveka ndithu. Komboni yonse inaona ana akuchira ndi moto. Wawo sanachire chifukwa anali womaliza, moto utazilala, ndiponso mbaula ya boma ndi yaing'ono. Iwo malasha anali nawo matumba. Basi anayamba kumukhazika mwana pafupi ndi mbaula yaikulu m'mawa ndi madzulo, iwo ali pampando pambali, akuyang'anira ngati mlimi wodikira mvula. Masauso akamadutsa pamsika ankanunkha utsi, miyendo itachita mawanga a moto.

Ine ndi Chanda tinapita kunyumba kwawo. Chanda anali atadzitengera mwanayu ngati mlandu wake, ndipo m'njira anakonza fanizo limene ankati silingalephere. Atapereka moni anati, "Ba Zulu, mbeu sifuna moto. Imwe mbeu ya milisi mungaisungile pa moto?" A Zulu anamuyang'ana momumvera chisoni n'kuyankha kuti, "Iwe mwana, unakulila kuti? Kwathu mbeu ya chimanga timapachika pamwamba pa moto mu kicheni, utsi ndiye uisunga." Ine ndinayang'ana kumbali, chifukwa kwathu ku Katete timachitanso chimodzimodzi. Kenaka a Zulu anatsitsa mawu nanena chimene chinali pansi pa mtima. Masauso anali mnyamata mmodzi yekha pakati pa atsikana, ndipo iwo anali atafulapo mbuzi zambiri kumudzi. Mpeni ukafika pamalo amenewo, anati, ntchito yake ndi imodzi yokha. Ndinawauza kuti dokotala sachotsa kanthu, amangotsitsa chimene chilipo n'kuchisokerera pamalo pake, koma anati mpeni alibe maso.

Chosankha chovuta

Masiku amenewo chipinda cha opaleshoni chinkatsekedwa kawirikawiri, lero mankhwala ogonetsa atha, mawa ulusi wosokera palibe. Chanda anavutitsa aphunzitsi ake mpaka anamupezera Masauso malo, ndipo anati tikawataya sitidziwa kuti ena adzapezeka liti. Nthawi imeneyo a Zulu anali kuthengo cha ku Chongwe kukawotcha malasha. Amake Masauso anabwera kunyumba kwathu atanyamula kabudula wa mwana wopserera kumbuyo, khala litamudumphira. Anakhala pansi nandifunsa kuti akanakhala mwana wanga ndikanachita chiyani. Lamulo la chipatala linkalola kuti mayi avomereze yekha, koma lamulo la m'komboni linali lina. Iwo akanatha kuthamangitsidwa paukwati, ndipo ine mwana akanafera patebulo sindikanaponda Chawama moyo wanga wonse. Atate anu anandiuza kuti ndisalowerere za m'nyumba ya eni. Ndinawamvera mwaulemu monga mwa nthawi zonse, kenaka ndinauza amake Masauso kuti akanakhala wanga ndikanapita naye mawa lomwe. M'mawa tinakwera minibasi, ine, iwo ndi mwana, titanyamula thonje lathu ndi bulangete. Opaleshoni inayenda bwino, koma dokotala anatiuza zoona: anatsitsa onse awiri, koma poti anakhalitsa m'mimba, za ubereki sangalonjeze.

A Zulu atabwerako anafika pakiliniki ndi njinga, nkhwangwa ikali yomangirira kumbuyo. Mlonda wathu, bambo amene ankadzitama kuti anagwirapo mbava zitatu, anakumbukira mwadzidzidzi kuti m'mimba mwamuvuta. Amake Masauso anali pambuyo ndi mwana, maso otupa. A Zulu anayamba kukuwa kuti mwana wawo tamufula. Mantha ndinali nawo, koma pakamwa panga simupadziwa kodi? Ndinawauza kuti, "A Zulu, pano sitikuwa. Sambani m'manja, muwothe, muyeze mwana wanu nokha." Anati manja awo sanazizirepo chibadwire. Nditamva patsaya ndinapeza kuti akunena zoona, anali wophunzira woyamba kupambana mayeso amenewo. Ndinawaonetsa poyambira ndi posisita, chilonda chinali chitapola. Chimunthu chonse chija chinagwada, chikugwira mwana mosamala ngati dzira.

"Limodzi," anatero. Panapita kanthawi. "Awiri."

Anayambiranso kuti atsimikize. Kenaka anaimirira, anapukuta m'maso ndi chipewa, nanena kuti n'zoonekeratu kuti moto wawo ndiwo unafewetsa njira, madokotala anangomalizitsa. Sindinawatsutse, ndipo anakhulupirira zimenezo mpaka imfa yawo. M'mawa mwake tinapeza thumba la malasha pakhomo, ndipo kuyambira pamenepo mbaula yathu sinazimenso. Chanda naye anadzakhala dokotala wa ana, ndipo ndimamva kuti mpaka lero amalowa m'wodi manja ali m'khwapa.

Nditapuma ntchito

Banja la a Zulu linasanduka abale athu. Masauso ankabwera kudzayezedwa, n'kumasewera pabwalo la kiliniki ndi iwe Esnart mwana wanga ukaweruka kusukulu. Ine ndinkaona ana akusewera basi, nzeru zanga zonse za unesi sizinandichenjeze. Anakula, anaphunzira kuwotcherera zitsulo, anatsegula kashopu ku Kanyama. Tsiku lina ndinangoona ankhoswe a kwa Zulu akhala pamphasa m'nyumba mwanga, akufuna Esnart. Mayo ine! Mwambo wathu umati mpongozi ndi mkamwini sayang'anana, sadyera pamodzi, mukakumana panjira wina amapatuka. Azimayi anzanga akamwini awo sawadziwa ngakhale mtundu wa maso, koma ine wanga ndinkamudziwa mopitirira muyezo. Manyazi amene tinkachitirana ine ndi Masauso anthu ankawayamikira kumpingo kuti ndiwo mwambo weniweni, osadziwa kuti athu anali ndi chifukwa. Koma kuseri kwa kusekako ndinali ndi mantha, chifukwa mawu a dokotala uja ndinali ndisanawaiwale. Chinsinsi cha wodwala sindikanaulula ngakhale kwa mwana wanga. Mwamwayi Masauso anakuuza yekha usanavomere, ndipo iwe unati ukumufuna choncho.

Chaka chinatha, china chinatha, chinanso. Azakhali a kwa Zulu anayamba kukuyang'ana pamimba pa maliro ndi pa maukwati, n'kumanong'ona kuti ana a manesi amamwa mapilisi. Iwe unkangokhala chete kuti usavule mwamuna wako pagulu, ndipo ndinkakuona ukuwonda. Ine ndi amake Masauso tinkakhala benchi imodzi kutchalitchi osayang'anana, aliyense akudziwa chimene mnzake akupempherera. A Zulu, atakalamba kale, anabwera kudzandinong'oneza kuti mwina mnyamatayo ayambirenso kuwotha, malasha alipo. Ndinawauza kuti akayerekeza ndiwawotcha ndi mbaula yomweyo. Anamwalira chaka chimenecho, mimba yako isanaoneke, ndipo chimenechi chimandipweteka mpaka lero.

Unachira m'mawa wa mwezi wa Juni, kukuzizira ngati tsiku lija. Mzamba, kamtsikana ka dzulodzulo, anatuluka ndi mwana m'nsalu nati ndi mwamuna, agogo landirani. Amake Masauso anayamba nthungululu, koma ine sindinatambasule manja. Ndinawapisa m'khwapa. Mzambayo anandifunsa ngati ndikumva malungo, ndinamuuza kuti adikire, ntchitoyi ndinaiyamba amayi ake asanathe msinkhu. Manja atafunda ndinamulandira mdzukulu wanga, ndinafunyulula nsalu, ndinayamba pamwamba pa ntchafu monga ndinaphunzitsira anthu moyo wanga wonse. Masauso anali panja pa chitseko, atatembenukira kukhonde monga mwa mwambo, chipewa chili m'manja. Chikwatirire anali asanandilankhulepo popanda kutuma munthu. Tsiku limenelo ndinamva mawu ake kuseri kwa chitseko.

"Amai, yalipo?"

Ndinayang'ana kukhoma, chifukwa mpongozi ndi mpongozi ndithu, ndipo ndinayankha mokweza ngati atate ake.

"Limodzi. Awiri."

Ndinamva chimunthu chikukhala pansi pasimenti, n'kuyamba kulira ngati mwana wa zaka zitatu.